Za Mphwanga Amene Anatalikitsa Miyendo Yake

Nkhani imene ndifuna kukusimbirani mwezi uno ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali, ndipo ndinazengereza kuilemba chifukwa mwini wake sanafune kuti imveke. Koma tsopano wandilola, nati, "Lembani, Atsibweni, koma dzina langa mulisiye." Chotero dzina lake ndalisiya, ndi dzina la chipatala chimene anagonamo ndalisiyanso. Zotsalazo ndizinena monga ndinaziona ndi maso anga.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndakhala zaka zambiri ku Manchester m'dziko la England, kumene ndigwira ntchito yosamala nkhalamba m'nyumba yosungiramo okalamba. Mlongo wanga ali kumudzi, ndipo mwana wake wachisamba, atatsiriza sukulu ya sekondale, ndinamuitana kuti adzaphunzire kuno, pakuti pa mwambo wathu mtsibweni ndiye mwini mbumba, ndi ana a mlongo wake ali pa mapewa ake. Mnyamatayo anaphunzira bwino, napeza ntchito ya makompyuta, nakhala m'nyumba yakeyake. Anali wofatsa, wosamwa mowa, wosunga ndalama. Msinkhu wake unali mita imodzi ndi masentimita 62, ndipo ine sindinaganizepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti msinkhuwo unali kumdya mumtima.

M'mwezi wa October 2022 anandiuza kuti a kuntchito ali kumtuma ku Istanbul, m'dziko la Turkey, kukakhala miyezi itatu. Ndinakondwera, ndi kumperekeza ndi mau abwino. Koma atapita masabata asanu, lamya inalira pakati pa usiku, ndipo pakuyankha ndinamva munthu ali kulira ngati mwana. Anati, "Atsibweni, ndinakunamizani. Sindili kuntchito iyayi. Andidula mafupa a ntchafu zonse ziwiri, ndipo sindikhoza kugona." Ndinamfunsa ngati galimoto inamgunda. Anakhala chete, pambuyo pake nati, "Ndinafuna ndekha. Ndalipira ndekha, kuti nditalike." Ndinatsala kakasi, wopanda chonena. M'mawa mwake ndinapempha tchuthi kuntchito, ndipo patapita masiku atatu ndinakwera ndege.

Tsono ndisanapitirire ndiyambe ndafotokoza chimene asing'anga achita pa ntchito yotere, pakuti inenso sindinachidziwe kufikira nditachiona. Fupa la munthu likathyoka, thupi lipanga fupa latsopano lanthete pakati pa mbali ziwirizo, ndipo likauma lilumikiza zonse. Asing'anga anazindikira kuti akalidula fupa mwadala, nadikira ngati sabata imodzi kuti lantheteli liyambe kumera, akhoza kukoka mbali ziwirizo pang'onopang'ono, milimita imodzi pa tsiku, ndipo thupi lidzapitirira kudzaza mpatawo. Akafulumira kukoka, fupa latsopano silimera bwino, ndipo akachedwa, fupa ligwirana nthawi isanakwane. Chotero munthu wofuna masentimita 7 ayenera kukokedwa masiku 70, ndipo akatha kukoka ayenera kudikiranso miyezi yoposa pamenepo kuti fupalo likhwime ndi kusenza thupi.

Nzeru imeneyi siinayambe chifukwa cha ofuna kukongola. Sing'anga wa ku Bologna m'dziko la Italy, Alessandro Codivilla, analemba za kutalikitsa mwendo wofupika m'chaka cha 1905. Koma amene anaikonza bwino ndiye Gavriil Ilizarov, sing'anga wa ku Kurgan m'dziko la Russia, amene m'zaka za m'ma 1950 anapanga mikombero yachitsulo yozinga mwendo, yogwira fupa ndi mawaya oonda. Anachiritsa nayo anthu a mafupa osalumikizana ndi a miyendo yosalingana. Dzina lake linamveka kwambiri atachiritsa Valeriy Brumel m'chaka cha 1968, katswiri wa kulumpha amene anapambana mendulo yagolide ku Tokyo mu 1964, koma nathyoka mwendo pa ngozi ya njinga yamoto mu 1965. Mu 1980 anachiritsanso Carlo Mauri, Mtaliyana woyenda maulendo akutali, ndipo kuyambira pamenepo njirayo inafala ku maiko a kuzambwe. Pambuyo pake anthu a miyendo yabwinobwino anayamba kuipempha, ndipo boma la China mu 2006 linaletsa kuchita ichi chifukwa cha kukongola kokha, litaona anthu ambiri opunduka nacho. Masiku ano kulinso chitsulo chotchedwa Precice, chololedwa ku America mu 2011, chimene alowetsa m'kati mwa fupa, nichitalika ndi mphamvu ya maginito popanda chitsulo chakunja. Koma mtengo wake ndi waukulu, ndipo mphwanga sanaukwanitse.

Iye anasankha njira yotsika mtengo. Analowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupa la ntchafu iliyonse, ndi kunja anamangirira chitsulo china chokhala ndi zikhomo zoboola khungu ndi mnofu kufikira pafupa. Kanayi pa tsiku iye mwini anali kupotoza kachitsulo ndi kiyi, ndipo kupotoza kunayiko ndiko kunakwanitsa milimita imodzi. Zonse pamodzi analipira mapaundi 25,000, ndiyo ndalama imene anasunga zaka zisanu, imene ife tonse tinayesa kuti ndi yomangira amake nyumba yamalata.

Ndinampeza m'nyumba yogona alendo pafupi ndi chipatalacho, woonda, maso ofiira, atagona chagada, pakuti zitsulo sizinamlole kugonera nthiti. M'nyumbamo munali anyamata ena ambiri a mitundu yosiyanasiyana, onse a zitsulo pa miyendo, ali kukwawa m'khonde ndi choyendera cha miyendo inayi chonga chimene nkhalamba zanga ziyendera. Ichi chinandizizwitsa koposa zonse, kuti ndinachoka kwa okalamba a zaka 90 ndi kudzapeza anyamata a zaka 25 ali kuyenda mayendedwe omwewo. Pafupifupi onse anabisira abale awo, wina nati ali pa maphunziro, wina nati ali pa malonda. Madzulo anali kufunsana, "Wafika pa angati?" monga alimi afunsana za matumba a chimanga.

Mtima wanga unali wodzala ndi mkwiyo, ndipo ndinakonzeratu mau m'ndege. Koma pakumuona ndinangomfunsa ngati wadya. Ntchito imene ndichitira makolo a eni ndiyo ndinamchitira mphwanga masabata awiri: kumsambitsa, kutsuka mabala a zikhomo kuti asatukusire, kumnyamula kupita kuchimbudzi, ndi kumpatsa mankhwala oletsa magazi kuundana, pakuti magazi akaundana m'mtsempha wa mwendo, nathamangira ku mapapo, munthu akhoza kufa msanga. Ndinaphunzira kuti chowawa chachikulu sichiri m'fupa. Fupa lilola kukokedwa, koma minofu ndi mitsempha ikana. Chifukwa chake tsiku ndi tsiku anali kudza munthu wowongola ziwalo, napinda bondo lake mwamphamvu, ndipo kulira kwake kunamveka panja. Akapanda kutero bondo liuma, ndipo munthu atalika koma osakhozanso kukhala pansi. Usiku anagona maora awiri kapena atatu, ndipo masabata awiri alionse anajambula mafupa kuti aone ngati mpatawo uli kudzaza.

Usiku wina, tulo titasowa tonse awiri, ndinamfunsa, "Mphwanga, chinakusowa n'chiyani?" Anayamba kuwerenga zinthu zazing'onozing'ono zimene ine sindikadaziyesa kanthu. Anati kuntchito alendo anali kupereka moni kwa anzake aatali, namyesa iye wophunzira ntchito. Anati pojambula chithunzi anali kumkankhira kutsogolo ndi kuseka. Anati akazi ena pa intaneti analemba poyera kuti mwamuna wosafika msinkhu wakuti asavutike n'kulemba kalata. Potsiriza anatembenuza nkhope nati, "Ndi inu, Atsibweni, kodi mukumbukira dzina lija munandipatsa?"

Ndinakumbukira. Ali ndi zaka khumi ndinapita kumudzi, ndipo pakuona kuti anzake amposa ndinamtcha Kachitsa. Anthu anaseka, iyenso anaseka, ndipo dzinalo linammamatira kumudzi ndi kusukulu komwe. Ine ndinalinena mwa chikondi, ndi kuliiwala m'njira. Iye analisenza zaka 17, nawoloka nalo nyanja. Sindinena kuti dzina lokhalo ndilo linamtengera ku mpeni wa sing'anga, pakuti iye mwini akana kutero. Koma ndidziwa kuti pa katundu amene anamlemera, mtolo woyamba ndinamsenzetsa ndine, mwini mbumba, woyenera kumtchinjiriza. Usiku umenewo ndinampepesa, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kupepesa mwana.

Ndinabwerera kuntchito, ndipo tinali kulankhulana masiku onse. Iye anafuna masentimita 8, koma atafika pa 7 bondo lamanzere linayamba kukana kupindika, ndi pamwamba pa phazi panachita dzanzi, ndicho chizindikiro chakuti mtsempha wakokedwa kopambana. Anandifunsa nzeru, ndipo ndinamuuza mau a makolo akuti fupa lokakamiza liswa mphika. Anamvera, naleka. M'mwezi wa January 2023 anamchotsa zitsulo zakunja, nakhoma chitsulo cham'kati kuti chigwire fupa, ndipo ndinakamlandira pa bwalo la ndege ali pa njinga ya odwala. Nyumba yake inali pamwamba, yokwera ndi makwerero, chotero anadza kudzakhala kwa ine.

Ambiri ayesa kuti zitsulo zikachoka nkhani yatha, koma miyezi imene inatsatira ndiyo inamuyesa koposa. Ku Istanbul anali ndi anzake a vuto limodzi, koma kuno anali yekha m'chipinda, nyengo yozizira, dzuwa lolowa msanga. Anagwira ntchito yake pa kompyuta ali pakama. Anzake anamuitana ku mpira ndi ku madyerero, iye nayankha kuti akali ku ulendo. Pakutha miyezi iwiri analeka kumuitana. Wina wa ku mpingo atagogoda pakhomo, mphwanga anandipempha kuti ndinene kuti anagwa pa makwerero nathyoka. Ndinanena bodzalo kamodzi, ndipo linandiwawa m'kamwa. Pamenepo ndinaona kuti bodza limodzi lija la ulendo wa kuntchito linabala ana, ndi kuti munthu amene anachita zonsezi kuti aime pakati pa anthu mopanda manyazi, tsopano anali kubisala anthu koposa kale.

Panali namwali wina, mwana wa kwathu konko, wophunzira unamwino, amene anali kumvana naye asanapite. Ameneyu sanakhoze kunyengedwa, pakuti anadziwa zipsera za zikhomo pongoziona. Anakhala pampando nthawi yaitali osalankhula, ndipo potuluka anandiuza pakhomo, "Bambo, ine msinkhu wake ndinauona tsiku loyamba, ndipo sindinauyese mlandu. Koma munthu wokhoza kundibisira chinthu chotere miyezi isanu, adzandibisiranso chiyani?" Sanadzenso. Mphwanga sanadye masiku awiri. Ine sindinamdzudzule, pakuti walira mvula walira matope, ndipo matopewo anali kuwaponda yekha.

Kuyenda kunabwera pang'onopang'ono. Anayamba ndi choyendera cha miyendo inayi, pambuyo pake ndodo ziwiri, pambuyo pake imodzi. Minofu ya m'chiuno inali yofooka ndi yokokeka, kotero kuti anayenda chopendama uku ndi uku ngati bakha, msana utapindikira m'kati. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinali kumgwira mwendo ndi kuukankha monga anatiphunzitsa, ndipo madzulo tinali kuyenda kufikira pa sitolo ya pangodya ndi kubwerera. Ulendo umene mwana ayenda mphindi zisanu, ife tinauyenda theka la ora. Tsiku lina tili kuima pakhomo ndinaona kuti maso ake alingana ndi anga. Iyenso anaona, namwetulira kumwetulira kumene sindinakuonepo pa nkhope yake chifikire kuno. Ndiyenera kunena ichinso, kuti ndingakhale mboni yonama.

Pa 6 July 2023, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, Amalawi a kuno anasonkhana monga achita chaka ndi chaka, ndipo ndinamuumiriza kuti tipite. Anavala buluku latsopano, pakuti akale onse anafupika. Anachita mantha kuti onse adzazindikira, ndipo ndiyesa kuti mumtima analakalakanso kuti azindikire. Koma taonani, ambiri sanaone kanthu. Wina anati, "Waonda iwe, kodi unadwala?" Wina anamfunsa chimene ali kutsimphinira. Mayi mmodzi yekha wachikulire anamyang'ana kuyambira kumutu kufikira kumapazi, nati, "Mwana iwe ukali kukula?" ndipo anapitirira kukapakula nsima. Pobwerera m'basi anati, "Atsibweni, zaka zonsezi ndinayesa kuti anthu ali kuyesa msinkhu wanga. Kani aliyense ali kuganiza zake." Gule atayamba iye anakhala pampando, pakuti miyendo siinamlole, ngakhale kale anali wovina bwino.

Chotsala chinali amake. M'chaka cha 2024 anamchita opaleshoni ina yochotsa zitsulo zam'kati, ndipo mabala atapola, m'mwezi wa August tinapita kumudzi pamodzi. Ndinamuuziratu kuti kwa mlongo wanga sindidzanena bodza. Titatsika galimoto amake anathamanga kudzamfungatira, ndipo pomwepo anabwerera m'mbuyo, pakuti mutu wao unafika pamene sunali kufika kale. Chimene khamu la ku Manchester silinaone, iwo anachidziwa ndi manja. Titalowa m'nyumba anatiyalira mphasa, ndipo mphwanga anayesa kunjuta pamaso pa akulu monga mwa ulemu, koma maondo anakana, nagwira khoma, natsika pang'onopang'ono miyendo ili chitambalale. Pamenepo anaulula zonse.

Mlongo wanga anamvetsera kufikira kumapeto. Za ndalama ya nyumba sananenepo kanthu. Anangofunsa, "Kodi ine ndinakubala molakwa?" Mphwanga analira, nati, "Iyayi, Amayi." Iwo anati, "Atate ako anali wamfupi, ndipo ndinawasankha pakati pa aatali." Pambuyo pake anamuuza kuti akwinye buluku, nayang'ana zipsera chimodzichimodzi, nazikhudza ndi chala, monga anali kuchitira ali mwana akagwa mumtengo. Ine ndinakumbukira mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ndinaona kuti mwambiwo uyenda mbali zonse ziwiri, pakuti mayinso sayesa mwendo wa mwana wake. Madzulo ndinaitana abale, ndi kuwauza kuti dzina lija la Kachitsa ndinalibweretsa ndine, ndipo ndalichotsa ndine, asalitchulenso.

Lero mphwanga ayenda bwino, ndipo wosadziwa sangaone kanthu. Athamanga pang'ono, koma liwiro lake lakale la pa mpira silinabwere, ndipo nyengo yozizira maondo amuwawa. Wayambanso kusunga ndalama ya nyumba, ndipo njerwa zaumbidwa. Anzake ena anawauza zoona, ndipo awiri a iwo anabwerera, mmodzi nati, "Ukadanena, tikadadza kudzakutsuka mabala." Ndikamfunsa ngati adandaula, sayankha mofanana masiku onse. Tsiku lina anena kuti tsopano alowa m'chipinda cha anthu mtima uli m'malo, ndi kuti chimenechi sakadachipeza mwa njira ina. Tsiku lina anena kuti akadayamba wakamba ndi munthu za chisoni chake, kapena sakadapita. Chimene anena masiku onse ndi chakuti kubisa kunamuwawa koposa zitsulo.

Tsono inu anyamata amene muwerenga za ntchito iyi pa intaneti, ndi kuona zithunzi za anthu omwetulira ataima pafupi ndi muyeso, ine sindine sing'anga, ndipo thupi ndi lanu. Koma dziwani kuti chithunzicho sichionetsa chaka chathunthu cha pakati, ndi kuti ena atuluka ndi phazi lolendewera, kapena fupa losalumikizana, kapena matenda a m'fupa, ndi ena afa nayo. Mukafunsa mtengo, funsaninso amene adzakunyamulani kupita kuchimbudzi, ndi sing'anga amene adzakuonani mukabwerera kwanu. Ndipo musanapereke ndalama, uzani munthu mmodzi wokukondani, nimumve mau ake kufikira kumapeto, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndi ife akulu, atsibweni, azakhali ndi aphunzitsi, amene tipatsa ana maina oseketsa pa bwalo, Kafupi, Chimutu, Makutu, tichenjere ndi pakamwa pathu. Mwana aseka nafe chifukwa alibe pothawira, ndipo ife tiyesa kuti wakondwera. Ine ndinadziwa mtengo wa nthabwala yanga nditagwada m'chipinda cha ku Istanbul, ndili kutsuka mabala a mwana wa mlongo wanga. Chaka chino kumudzi kwabadwa mdzukulu wina wa miyendo yaifupi ngati ya agogo ake, ndipo ndalembera kale kalata kuti amtchule ndi dzina lake lokha limene anampatsa amake.